Mawaipa a Vaneti ya a Miti

A Mathias Miti anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete ali mnyamata, azungu akadali olamula. Ntchito yawo yoyamba inali yotsuka magalimoto pa galaja ina ya Mgiriki kumunsi kwa Cairo Road, ndipo kuyendetsa anaphunzirira pomwepo, posuntha magalimoto otsukidwa kuti aime pamzere. Dziko litalandira ufulu analembedwa udalaivala pa kampani ina yomanga nyumba. Mzungu yemwe ankamuyendetsa atamanga katundu kubwerera kwawo, anawagulitsa vaneti yake yoyera ya Peugeot 404. Kuyambira tsiku limenelo a Miti sanagwirenso ntchito ya munthu.

Ankakhala ku Kabwata m'nyumba ya khonsolo pamodzi ndi akazi awo, a Perpetua. Mwana wawo anali mmodzi, Febby, amene atakula anakwatiwa ndi mphunzitsi wina dzina lake Dunstan n'kukakhala ku Chelstone. A Perpetua ankagulitsa ndiwo zamasamba pa msika wa Kabwata, ndipo ntchito ya vaneti inachokera pamenepo. M'mawa uliwonse a Miti ankanyamula azimayi a pamsika kupita nawo ku tauni kukaoda tomato, repu, anyezi ndi impwa kwa alimi obwera ndi malole, n'kuwabweza ndi madengu awo. Masana ankanyamula chilichonse: mipando ya anthu osamuka, malata, matumba a makala, nthawi zina bokosi la maliro.

Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, mkulu wa mpingo ku Reformed. Vaneti ankaisamala popanda kuitamanda. Mvula ikatha mu Epulo ankachotsa mawaipa, zija zopukuta madzi pa galasi la kutsogolo, n'kuwakulunga m'chidutswa cha chitenje ndi kuwaika mu sutikesi pansi pa bedi. Ankati chimapha labala wa waipa ndi dzuwa la Okutobala, osati mvula. Komanso zaka zimenezo zipangizo za galimoto zinkasowa ngati shuga ndi sopo, moti ukasiya galimoto pa Freedom Way n'kulowa m'sitolo, pobwera unkapeza timikono tokha tili chilili, mawaipa atapita.

Mpando wa kutsogolo unali wa a Perpetua, ndipo azimayi ena onse ankakwera kumbuyo popanda kufunsa. A Perpetua pakamwa sipankatsekeka. Kuchoka pa Kabwata mpaka ku tauni ankangonena zimene akuona.

"Atate Febby, taonani njinga iyo yanyamula makala ngati lole. Koma anthu!"

"Ndaiona."

"Ana a sukulu awo, uyo wamng'onoyo akufuna kudumpha msewu. Makolo ake ali kuti?"

"Ndamuona, amake Febby."

Azimayi a kumbuyo ankaseka, kunena kuti a Miti sanafunikire wailesi m'galimoto. M'zaka zomalizira a Perpetua anayamba kusiyira mnzawo wapamtima, mayi Winifred, tebulo lawo la tomato, n'kumapita ndi amuna awo ngakhale maulendo a masana. Achinyamata a pamsika ankati ndi nsanje ya kuukalamba. A Perpetua ankangoseka n'kukwera.

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1984, a Perpetua anagwa pamsika akuwaza madzi pa repu. Anawanyamula pa vaneti yomweyo kupita nawo kuchipatala, koma sanalankhulenso, ndipo anamwalira sabata isanathe. Anawaika ku manda a Leopards Hill. A Miti anakhala pakhomo nthawi yaitali osaliza galimoto, mpaka azimayi a pamsika, amene anali atatopa ndi kulimbirana mabasi ali ndi madengu, anabwera kudzawapempha kuti ayambirenso.

Anayambiradi, koma kayendetsedwe kanasintha. Tsiku lina anakhula chitseko pa mzati wa geti lawo lomwe. Tsiku lina anakwera pamiyala ya m'mphepete mwa msewu wa Burma, dengu la tomato n'kukhuthuka. Anthu ankati ndi chisoni. Mayi Winifred, amake Barbara, anayesa kukhala kutsogolo, koma iwo anali amantha. Akaona njinga ankakuwa n'kugwira chitseko. A Miti anapirira masiku angapo, kenako anati, "Amake Barbara, mukandikuwira chonchi mudzandigwetsa mu ngalande. Khalani ndi anzanu kumbuyo." Mpando wa kutsogolo unatsala wopanda munthu.

Mvula yoyamba inagwa chakumapeto kwa Novembala. A Miti anatulutsa mawaipa mu sutikesi, nawamanga, ndipo m'mawa mwake ananyamuka ndi azimayi mvula ikuwaza. Sanafike patali. Galasi linali ngati lapakidwa phala. Nyali za magalimoto obwera kutsogolo zinkaoneka zili ndi mikombero yowala, zikusefukira pa msewu wonse. Anaima, natsika, napukuta galasi ndi nyuzipepala, nayambanso. Sizinasinthe. Anafika ku tauni akuyenda ngati ngolo, malole a alimi atatsala pang'ono kutha katundu.

"Mawaipa atha," anauza azimayiwo. "Akalamba ngati mwini wake."

Tsiku lomwelo anaika waipa mmodzi m'thumba la jekete kuti akhale choyezera, nayamba kulowa masitolo. Pa Freedom Way mashelefu anali mbee, pongotsala mabotolo a madzi a batire ndi makalenda akale. Pa Cha Cha Cha Road mmwenye wina anauzunguza waipa uja m'manja n'kuubweza.

"Kulibe, mudala. Ndalama zakunja kulibe, katundu sabwela. Yesani ku Kamwala."

Ku Kamwala, kuseri kwa msika wa Luburma, kunali kakhumbi ka malata ka bambo Chibesa, Mbemba wa ku Luapula amene kale anali makaniki ku migodi. Ankagulitsa zitsulo zochotsa m'magalimoto akufa. Iwo ndi a Miti ankadziwana kalekale, ndipo ankanyozana mwachimbuya, monga amachitira Abemba ndi anthu a kum'mawa.

"Ba Miti, muli shani? Namvela za maliro, pepani maningi."

"Zikomo, ba Chibesa. Ndabwera ndi uyu."

A Chibesa anaulandira waipa, nayendetsa chala pa labala, naupinda pang'ono, nauyang'ana padzuwa.

"Waipa uyu waipa zoona," anatero akuseka nthabwala yawo yomwe. "Koma sanaipe maningi. Ang'ambika chabe kumapeto. Manje tione."

Anatulutsa chitini chachikulu chodzaza mawaipa akale n'kuwakhuthulira pa saka. Anthu awiri aja anakhala pansi kuyamba kusankha. Sikuti waipa aliyense amalowa pa galimoto iliyonse. Ena anali okolekera ndi kangowe, pomwe mkono wa vaneti ya a Miti unkafuna mtundu wina. A Land Rover anali afupi kwambiri, akanangopukuta kabowo pakati. Panali awiri aatali a lole, koma a Chibesa anati amenewo akanamagundana pakati pa galasi ngati atambala. Ena anali oyenera kutalika koma zitsulo zake zadzimbiri, zosapindika kutsata galasi. Ena labala wake anali wouma, ukamupinda n'kuthetheka.

A Miti sankasankha ndi maso. Ankautenga waipa aliyense, kuugundanitsa ndi wawo wakale kuti aone kutalika, kenako n'kumaupapasa ndi chala chachikulu kuchokera nsonga ina mpaka ina, nkhope atayang'anitsa kwina. A Chibesa anaziona, koma anangoti ndi mmene amachitira madalaivala akale.

Popeza woyenera sanapezeke, anagwirizana zosunga zitsulo zakale n'kusintha labala yekha. A Chibesa anatenga chubu cha tayala la lole, nachiyala pa thabwa, nadula timizere ndi lezala mosamala, nalowetsa m'zitsulo zija.

"Iyi izakufikitsani mpaka Epulo," anatero.

Siinawafikitse ngakhale Lamlungu. Labala wa chubu ankalira pa galasi, kwii kwii, n'kumadumpha, ndipo chifunga chija chinalipobe. A Miti anabwerera ku Kamwala. Nthawi ino a Chibesa anawatumiza kwa mnzawo ku Matero, amene anali ndi Peugeot yogundidwa kumbuyo, ya kutsogolo kwabwinobwino. Mawaipa ake anali enieni a galimotoyo, labala wofewa, m'mphepete mowongoka. A Miti anawamanga ndi manja awo, nakhotetsa pang'ono timikono kuti tizikanikiza galasi bwino, natsuka galasi ndi viniga. Mvula itagwa, anaona chimodzimodzi.

"Mwina ni galasi," anatero a Chibesa atawaonanso. Anathira madzi a m'botolo pa galasi, nauza a Miti kuti ayatse mawaipa, iwo atasuzumira pawindo. Madzi anachoka onse. A Chibesa anatembenuka, nafunsa, "Ba Miti, apa muona bwanji?"

"Padakali utsi."

"Utsi?"

"Ndikunena kuti mawaipa anuwa ndi otha, ba Chibesa. Inu Abemba mumagulitsa ngakhale mtembo n'kunena kuti wagona."

A Chibesa anaseka, koma kuseka kwake kunali kwapakamwa chabe. A Miti atatsala pang'ono kunyamuka, anawagwira pamkono.

"Mudala, muyendeko ku chipatala, bakuoneni menso."

A Miti atamva zokapimitsa maso, anachotsa mkono wawo, naliza galimoto. Ku Kamwala sanapitenso chaka chimenecho.

Kuyambira pamenepo nkhani yawo inali imodzi. Kutchalitchi, pamsika, pa mzere wa ufa, aliyense ankamva za mawaipa. Ankati akale aja ndiwo anali mawaipa, a masiku ano ndi zoseweretsa. Ankati munthu akangopeza atsopano, a m'paketi, osagwirapo ntchito, vuto lonse latha. Mitambo ikachita bii m'mawa ankauza azimayi kuti lero injini yavuta, ndipo azimayiwo ankapita kukadikira basi osafunsa zambiri. Ena anayamba kukwera galimoto ya munthu wina wa ku Libala, ndipo akakumana ndi a Miti ankayang'ana pansi.

Febby anamva nkhaniyi kwa atate ake omwe, ndipo anaikhulupirira. Mwamuna wake Dunstan anali ndi msuweni woyendetsa malole opita ku Botswana. Anamupatsa waipa wakale kuti akayezere, ndipo mu Febuluwale msuweniyo anabwera ndi awiri atsopano, ali m'paketi yake yosatsegula. Febby anatumiza uthenga kuti atate abwere ku Chelstone Loweruka.

A Miti anafika atavala jekete la kutchalitchi. Paketi anaitsegula okha, pang'onopang'ono, osafuna kuing'amba. Ananunkhiza labala. Anamupinda, n'kumusiya, n'kumva akubwerera yekha.

"Awa ndiye mawaipa," anatero. "Amako akanawaona awa."

Anawamanga pomwepo pabwalo. Atadya chamasana, mitambo inasonkhana cha ku eyapoti, ndipo a Miti sanafune kudikira kuti mvula idutse; ankafuna kuwayesa. Febby anati apita nawo ku Kabwata kuti akawachapire ndi kuwasesera m'nyumba, ndipo anakwera kutsogolo.

Mvula inawapeza pa Great East Road. A Miti anayatsa mawaipa. Ankayenda mwakachetechete, opanda kulira, ndipo Febby ankaona chilichonse: mitengo, mabasi, anthu othamanga atafunda mapepala kumutu. Anatembenuka kuti awayamikire, koma anapeza atate ake ataweramira kutsogolo, chibwano chitatsala pang'ono kugunda chiwongolero, akupukusa mutu uku ndi uku ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka kiyi.

"Akupusitsani," anatero a Miti. "Awa ndi akale, angowaika m'paketi."

"Atate, galasi layera."

"Layera pati?"

"Paliponse, atate. Ine ndikuona bwinobwino."

A Miti anapukuta mkati mwa galasi ndi dzanja, nachepetsa liwiro. Febby anafuna kuwaimitsa, koma analephera. Munthu suuza atate ako kuti aime, atsike. Anangoika manja pamiyendo, akupemphera kuti afike.

Ku Longacres, atangotuluka pa raundabauti, kumanzere kwawo kunali munthu wa njinga atanyamula matumba a makala, akupalasa m'mphepete mwa msewu. Febby anamuona ali patali, ndipo sanaganize kuti pali chifukwa chomutchulira, pakuti munthuyo anali poyera. A Miti anakhotera kumanzere kuzemba madzi. Panamveka kugunda, kenako kukwekwereka kwa chitsulo.

"Atate! Munthu!"

"Ali kuti?"

Anafunsa choncho galimoto itaima kale. Anatsika, nazungulira kutsogolo, nayamba kuyang'ana uku ndi uku. Munthu uja anali mu ngalande pafupi ndi mapazi awo, akubuula, makala atamwazikana m'madzi. A Miti anamupeza chifukwa cha kubuulako. Anagwada m'matope ndi jekete lawo la kutchalitchi, namupapasa kumutu ndi m'mapewa, akungobwereza kuti, "Pepani, bambo. Pepani, bambo wanga."

Anthu anasonkhana msanga, ndipo ena anayamba kukuwa kuti dalaivala waledzera. Mnyamata wina anawakoka pa kolala. Febby analowa pakati akulira, akunena kuti ndi atate ake, samwa mowa, ndi mkulu wa mpingo. Chimene chinawapulumutsa ndi dalaivala wina wa boma amene anaima ndi Land Rover yake. Anawayang'ana a Miti kumaso, nati kwa anthuwo, "Musiyeni mudala. Tinyamule wovulalayu." Anasiya galimoto yake ndi mnzake, natenga makiyi a vaneti. A Miti sanakane. Anakwera kumbuyo, nakhala pansi pa malata onyowa, mutu wa munthu uja uli pamiyendo pawo, mvula ikuwagwera onse awiri mpaka kuchipatala.

Munthuyo dzina lake anali Nicodemus, wa ku Bauleni, bambo wa ana ang'onoang'ono. Anathyoka mkono ndi fupa la paphewa, koma moyo unalipo. Apolisi analemba zolemba zawo n'kuuza a Miti kuti asagwirenso chiwongolero mpaka dokotala atawapima maso. Vaneti anaibweretsa ku Kabwata ndi Dunstan.

M'mawa mwake, ataweruka kutchalitchi, mayi Winifred anabwera kunyumba. Anapeza a Miti atakhala pa mpando pakhonde, Febby akuchapa jekete lija kuseri. Anakhala pamphasa, napereka moni, kenako nayamba.

"Atate Febby, pali mawu amene anzanga anandisiyira. Ndawasunga mopitirira, ndipo taonani zachitikazi."

"Nenani, amake Barbara."

"Amake Febby ankadziwa za maso anu. Anayamba kuona kalekale kuti za m'mbali simuziona. Anandiuza tsiku limene anandisiyira tebulo koyamba. Anati, 'A Miti ukawauza kuti maso atha, wawapha. Galimoto ija ndiye miyendo yawo. Ine ndizikhala pafupi, ndiziwauza ngati nkhani.' Anati tisakuuzeni. Iwo atapita ndinayesa kukhala pamalo pawo, koma ine luso lija ndilibe."

Febby anali atasiya kuchapa, ataima pakona pa nyumba, manja ali thovu. A Miti anafunsa, "Azimayi onse ankadziwa?"

"Akuluakulu okha."

"N'kumakwerabe?"

"Amake Febby ali kutsogolo sitinkaopa."

A Miti anapukuta kumaso ndi chikhatho. Atalankhula, mawu awo anali otsika, moti mayi Winifred anachita kusendera.

"Musadziimbe mlandu. Nanenso sindinali mwana. Akati njinga, ine ndinkati ndaiona, koma sindinkaiona. Ndinkaponda buleki chifukwa cha mawu awo. Ndinkaganiza kuti ndikuwabisira, kuti asade nkhawa." Anatembenukira kumene kunaima vaneti. "Atapita ndinkati mwina ndi misozi. Mvula itabwera ndinati ndi mawaipa. Ndinkafunitsitsa kuti akhale mawaipa, amake Barbara."

Mayi Winifred anafunda chitenje kumaso n'kuyamba kulira maliro a mnzawo ngati achitika dzulo. Febby anabwera nakhala pansi pafupi ndi mapazi a atate ake. Palibe amene anatonthoza mnzake.

Kuchipatala dokotala anawapima nthawi yaitali. Febby ankayembekezera kumva kuti ndi ng'ala, pakuti ng'ala amachotsa munthu n'kuonanso. Koma dokotala anati si ng'ala. Anati ndi matenda amene amadya maso mwakachetechete kuyambira m'mbali, ndipo chimene chadyeka sichibwerera. Diso lakumanzere linali litatha pafupifupi lonse. Lakumanja linatsala ndi kampata pakati. Anawalembera mankhwala odonthezera kuti asunge kampatako, koma mankhwalawo ankapezeka mwezi uno n'kusowa mwezi wamawa, ngati zinthu zina zonse masiku amenewo.

Njinga ya a Nicodemus inali itapindika gudumu ndi foloko. A Miti anapempha kuti aibweretse ku Kabwata, ndipo anaikonza okha pakhonde, akumanga masipoko mmodzimmodzi mongopapasa. Inawatengera masabata. Itatha, anapita ndi Febby ku Bauleni pa basi, njinga ili padenga. Anapeza a Nicodemus mkono uli m'chikhakha, mkazi wawo ndi amene akugulitsa makala pang'onopang'ono pakhomo. Sanawalandire ndi chimwemwe. Mkaziyo ananena mawu owawa, za ana amene akugona ndi njala, ndipo a Miti anamvetsera onse chipewa chili m'manja. Pomaliza a Nicodemus anati, "Basi, amai. Mudala abwela yekha, sanathawe." Mkono uja unapola, koma sunawongokenso bwino, ndipo a Miti ankadziwa zimenezi. Ankafunsa za iwo nthawi ndi nthawi mpaka kumapeto.

Vaneti inaima pabwalo mpaka mvula inatha. Tsiku lina kunabwera a Chibesa, atavala malaya oyera, atanyamula buledi amene anamuimira pa mzere. Sananene kuti ndinakuuzani. Anakhala pakhonde nacheza za ku migodi, za mitengo ya zinthu, za Angoni amene amadya mbewa. A Miti anaseka koyamba chichitikire ngozi ija. Potsanzikana, a Miti ndiwo anayambitsa.

"Ba Chibesa, ipezereni munthu. Koma osati woiphwasula."

"Nizaipezela wa bwino."

Anapezadi mphwawo wina amene ankanyamula nsomba zouma. Tsiku lodzaitenga, a Miti anamufotokozera zonse: kuti giya yachiwiri imafuna kuinyengerera, kuti madzi aziwaona m'mawa uliwonse, kuti asaikweze katundu wopitirira. Kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko galimoto isanalire.

Okha ku Kabwata sakanatha kukhala. Anabweza nyumba ku khonsolo n'kusamukira kwa Febby ku Chelstone. Dunstan anali mkamwini wabwino, ndipo anawapatsa chipinda chawochawo, koma a Miti sanazolowere. M'nyumba ya eni ankagunda mipando, ankataya madzi, ndipo chilichonse chikagwa ankapepesa ngati mlendo. Masana onse awiri akapita kuntchito, ankakhala okha. Anzawo a ku tchalitchi cha ku Kabwata ankabwera poyamba, kenako mtunda unawakulira. Kampata ka m'diso kaja kanapitirira kuchepa mpaka kanatsekeka.

Mu 1987 anauza Febby kuti akufuna kupita ku Katete, kwa mlongo wawo. Febby anakana, nati kumudzi kulibe chipatala chapafupi, ndipo anachokako ali mnyamata, adziwako ndani?

"Kuno ndikudziwa misewu yonse, mwanawe, koma sindingayende ndi umodzi womwe," anayankha. "Kumudzi ndikakhala munthu wakhungu basi. Kuno ndine dalaivala wakhungu."

Febby analira, koma anawaperekeza. Kumudzi anakhala pafupifupi zaka ziwiri. Ankatongola chimanga, kusenda mtedza, ndi kupota zingwe za mbuzi. Lamlungu ankawatsogolera kutchalitchi, kumene ankaimba nyimbo zonse pamtima ndi mawu awo otsika. Anthu a kumeneko ankawatcha a Lusaka. Febby ankapita akapeza mpata, ndipo nthawi iliyonse a Miti ankamufunsa ngati wapalira manda a amake.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya 1989, atadwala chifuwa masiku ochepa. Nthawi zonse ankanena kuti adzagona pafupi ndi a Perpetua ku Leopards Hill, koma kunyamula maliro ulendo wautali chotero sikunatheke, ndipo anawaika ku Katete komweko. Febby ndi Dunstan anafika dzenje atakumba kale.

Pa msika wa Kabwata uthenga unafika patapita sabata. Ambiri mwa ogulitsa anali atsopano, osawadziwa. Mayi Winifred anayenda tebulo ndi tebulo kuitana akale aja, amene ankakwera kumbuyo kwa vaneti. Anasonkhana kuseri kwa msika pansi pa mtengo, nayala zitenje zawo, naimba nyimbo za maliro, wina n'kupemphera. A Chibesa nawo anabwera kuchokera ku Kamwala, naima chapatali chipewa chili pachifuwa, pakuti anali mwamuna yekha. Pemphero litatha, azimayi anadzuka mmodzimmodzi, nakutumula zitenje, nabwerera ku matebulo awo.